Fizikisi ya chaka choyamba ku koleji pomwe calculus simuidziwa: imatheka mpaka pati?

Ma yearo ambiri akangoona fizikisi pa timetable mtima umagunda, makamaka aja analowa koleji kukachita za umoyo, za ulimi kapena zauphunzitsi, ndipo funso lawo limakhala limodzi, kodi ndikhoza bwanji pomwe calculus sindinaionepo chibadwire? Mantha ake ndi omveka ndithu, kusekondale kwathu kuno calculus amakumana nayo ndi aja anatenga Additional Mathematics basi, ndipo masukulu ambiri phunziro limeneli kulibe nkomwe. Koma ine ndikuti imatheka, ndipo chimene chimagwetsa anthu mpaka kukalemba mayeso obwereza aja a sapu nthawi zambiri si calculus ayi, ndi zina zomwe tikambirana mmunsimu. Kungoti pali malire ake, ndipo bola kuwadziwiratu.

Poyamba dziwani kuti fizikisi ya chaka choyamba ilipo ya mitundu iwiri. Ku America amachita kusiyanitsa mayina, ina ndi ya algebra ina ndi ya calculus, olo kusekondale kwawo kuli AP Physics 1 ndi 2 zoyendera algebra, pomwe AP Physics C ndi ya calculus. Ofuna udokotala kumeneko ambiri amatenga ya algebra, ma engineer ndi ofuna kudzakhala akatswiri a fizikisi amatenga inayo. Mabuku aulere a OpenStax, omwe amachokera ku Rice University, nawonso anawagawa choncho, College Physics ndi la algebra, University Physics ndi la calculus. Mukatsegula awiriwa muona kuti mitu yake ndi yomweyomweyo, kayendedwe ka zinthu, malamulo a Newton, energy, madzi ndi mpweya, kutentha, mafunde, magetsi, kuwala. Chosiyana nchakuti buku la calculus limakuonetsani komwe fomula yachokera ndipo limatha kuthana ndi zinthu zosinthasintha, pomwe la algebra limasankha mavuto okhawo omwe china chake chikukhazikika osasintha, mwina acceleration, mwina force.

Ndipo musaganize kuti ya algebra ndi fizikisi yosukuluka. Galileo Galilei anamwalira mu 1642, pomwe Leibniz anasindikiza calculus yake mu 1684, kutanthauza kuti zonse zomwe Galileo anapeza za kugwa kwa zinthu anazipeza calculus kulibe. Iye ankagubuduza timipira pa thabwa lopendekeka nkumayeza mtunda ndi nthawi, nde anaona kuti mitunda yomwe mpira ukuyenda mu nthawi zofanana zotsatizana ikukula ngati 1, 3, 5, 7. Newton mwiniwake, amene calculus anaitulukira payekha, buku lake lalikulu la 1687 lija la Principia analilemba kwambiri ndi geometry, mizere ndi ma triangle. Kumbuyo kwenikweni, m'zaka za m'ma 1300, akatswiri a ku Merton College ku Oxford anali atanena kale kuti chinthu chomwe liwiro lake likukwera mofanana chimayenda mtunda wofanana ndi chomwe chikuyenda pa liwiro lapakati nthawi yonseyo, ndipo Nicole Oresme wa ku France anazitsimikiza pojambula chithunzi chofanana ndi gilafu yomwe mumajambula lero.

Tsono calculus yomwe ikubisala mu fizikisi ya chaka choyamba ndi mfundo ziwiri zokha, ndipo zonse munazionapo pa gilafu ya liwiro ndi nthawi kusekondale. Yoyamba ndi gradient, kutsetsereka kwa mzere, yomwe imakuuzani kuti chinthu chikusintha mwachangu bwanji. Yachiwiri ndi area yomwe ili pansi pa mzere, yomwe imakuuzani kuti zonse zikaunjikana zakwana zingati. Derivative ndi gradient, integral ndi area, basi. Mu galimoto muli zonse ziwiri, muvi wa sipidi ukuonetsa mmene mtunda ukusinthira panthawi yomweyo, ndipo manambala a makilomita aja akuwonkhetsa mtunda wonse womwe sipidiyo yabala.

Tiyeni tione mmene zimagwirira ntchito pa fomula yomwe anthu amangoiloweza, s = ut + ½at², pomwe s ndi mtunda, u ndi liwiro loyambira, a ndi acceleration, kutanthauza mmene liwiro likusinthira, ndipo t ndi nthawi. Jambulani gilafu, liwiro mmwamba nthawi mmbali. Chinthu chayamba ndi liwiro u, ndipo poti acceleration siikusintha, mzere wake ndi wowongoka, ukukwera mpaka kufika pa u + at nthawi t ikakwana. Pansi pa mzerewo pali zinthu ziwiri, rectangle ya msinkhu u ndi mulitali t, area yake ut, ndi triangle pamwamba pake ya msinkhu at ndi mulitali t, area yake theka la at kuchulukitsa ndi t, yomwe ndi ½at². Phatikizani, fomula yatuluka. Ka theka kaja komwe anthu amakaiwala pamayeso ndi ka triangle chabe, ukakadziwa komwe kachokera sungakaiwalenso. Mnzanu wa calculus afika pomwepo pochita integration, koma yankho ndi lomweli ndipo iyenso akuwerengera area yomweyi.

Nanga derivative? Tengani kakyuleta muyese nokha, izi sizifuna lekichala. Mwala ukamagwa, tikaiwala kaye za mpweya, mtunda wake ndi 4.9 kuchulukitsa ndi t², chifukwa g, acceleration ya chinthu chomwe chikugwa, ndi 9.8 ndipo theka lake ndi 4.9. Pa sekondi 1 wagwa mamita 4.9, pa 2 wagwa 19.6, pa 3 wagwa 44.1, ndipo mukachotsera muona 4.9, 14.7, 24.5, yomwe ndi 1, 3, 5 ya Galileo ija. Tsopano funso nlakuti liwiro lake ndi lanji pa sekondi ya 3 yeniyeniyo, osati pakati pa nthawi ziwiri. Yambani ndi kuyambira pa 3 kufika pa 4, mupeza avereji ya 34.3 mamita pa sekondi. Chepetsani mpata, kuyambira 3 kufika 3.1, mupeza 29.89. Chepetsaninso, 3 kufika 3.01, mupeza 29.449. Mukuona komwe nambala ikulowera eti? Ikusendera ku 29.4, yomwe ndi 9.8 kuchulukitsa ndi 3. Chimene mwachitacho aphunzitsi a masamu amachitcha limit, ndipo ndi mtima wa differentiation yonse. Malamulo omwe amaphunzitsa mkalasi ya calculus ndi njira zachidule zofikira pa nambala imeneyi osavutika ndi kakyuleta kambirimbiri.

Chosangalatsa nchakuti kachenjerero ka area komweka kamabwerera mutu ndi mutu. Sipuling'i mukaikoka, force yake imakula molingana ndi mmene mwaikokera, F = kx, pomwe x ndi utali womwe mwaikokera ndipo k ndi kulimba kwa sipuling'iyo, lamulo la Robert Hooke. Gilafu yake ndi mzere wowongoka kuchokera pa ziro, pansi pake triangle, nde energy yosungidwa ndi ½kx². Capacitor, kachipangizo kosunga chaji ya magetsi, chimodzimodzi, ½CV². Area pansi pa gilafu ya force ndi nthawi ndi kusintha kwa momentum, area pansi pa gilafu ya current ndi nthawi ndi charge yomwe yadutsa, area pansi pa gilafu ya pressure ndi volume ndi ntchito yomwe mpweya wagwira mu injini. Munthu amene wagwira mfundo imodziyi wapeputsa mutu wake, poti mnzake akuloweza mafomula asanu iye akukumbukira chithunzi chimodzi.

Ndiye ngati calculus si vuto, vuto nchani? Algebra, amangwetu. Algebra wamba ya Fomu 3. Kusuntha zilembo, kuchotsa t pa ma equation awiri kuti mutsale ndi v² = u² + 2as, kuthana ndi fraction yomwe ili pansi pa fraction inzake, quadratic, ma simultaneous equations omwe amatulukira pa zingwe ndi ma pulley komanso pa malamulo a Kirchhoff. Ophunzira ambiri amathamangira kulowetsa manambala pamzere woyamba chifukwa zilembo zimawaopsa, nde akalakwitsa pakati sadziwanso pomwe palakwika, pepala lonse ladzadza ma decimal. Ndimalimbikitsa kugwira ndi zilembo mpaka kumapeto, manambala alowe komaliza, chifukwa fomula ya zilembo imayankhula pomwe nambala imangokhala duu.

Onani chitsanzo ichi. Minibasi ikuponda mabuleki mpaka kuima, liwiro lomaliza v ndi ziro, nde mtunda woimira ndi u² kugawa ndi 2a. Osalowetsa nambala iliyonse, fomula yakuuzani kale kuti liwiro likawirikiza kawiri mtunda uwirikiza kanayi, osati kawiri. Tiyerekeze matayala abwino pa tara wouma akutha kuchepetsa liwiro ndi mamita pafupifupi 7 pa sekondi, sekondi iliyonse. Pa 50 km/h, yomwe ndi mamita pafupifupi 14 pa sekondi, minibasi iima patatha mamita ngati 14. Pa 100 km/h iima patatha mamita ngati 56, ndipo apa sitinawerengere mtunda womwe yayenda dalaivala asanaponde nkomwe, womwe ngati wachedwa sekondi imodzi ndi mamita ena 28. Palibe calculus apa olo pang'ono, koma ndi fizikisi yeniyeni, yoti mukakwera minibasi yothamangitsana ndi inzake pa M1 mumayamba kuiona ndi maso. Kuganiza kwa mtundu uwu, kwakuti ichi chikawirikiza icho chitani, ndi komwe kumasiyanitsa amene wamva ndi amene waloweza. Kinetic energy imayendera v², mphamvu yokokana ya dziko ndi ya ma charge imachepa ndi r², r kukhala mtunda wa pakati pa zinthu zokokanazo, ndipo a zaumoyo mudzakumana ndi lamulo la Poiseuille lomwe limati madzi oyenda mpaipi amadalira radius yochulukitsidwa kanayi, nde mtsempha wa magazi ukachepa ndi theka, pressure ili yomweyo, magazi odutsa amatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo 16.

Chachiwiri chogwetsa anthu ndi ma vector ndi trigonometry. Force ili ndi kukula komanso kolowera, nde simungangophatikiza 3 ndi 4 nkupeza 7 pomwe ina ikukokera kummawa ina kumpoto, yankho ndi 5. Bokosi likakhala pamalo otsetsereka kulemera kwake mumakugawa pawiri, mbali ina yotsikira mmusi motsata malowo yomwe ndi mg sin θ, ina yokanikiza pansi yomwe ndi mg cos θ, pomwe mg ndi kulemera kwa bokosilo ndipo θ ndi angle ya kupendekeka kwa malowo, ndipo anthu amasokoneza sin ndi cos chaka ndi chaka. Njira yodziyesera ndi yophweka, ganizirani malowo atakhala afulati, θ ndi ziro, bokosi silingatsetsereke, nde mbali yotsikirayo iyenera kukhala ziro, ndipo sin 0 ndi yomwe ili ziro. Kuyesa fomula pa malire ngati awa kumatenga masekondi khumi koma kumapulumutsa ma malikisi. Chinanso kakyuleta, muziona ngati ili pa DEG kapena RAD musanayambe mayeso, sin 30 ikakupatsani 0.5 muli bwino, ikakupatsani nambala ya negative dziwani kuti wobwereka uja anasintha.

Ma units ndisachulutse gaga, koma musawanyoze. Mu 1999 NASA inataya chombo cha Mars Climate Orbiter chifukwa gulu lina linkatumiza manambala mu ma pound pomwe linalo linkawawerenga ngati ma newton. Ngati mwafunsidwa liwiro koma yankho lanu latuluka mu mamita okha, palakwika penapake, bwererani.

Chachitatu ndi chovuta kuposa zonsezi ndipo si cha masamu nkomwe. Tonse timafika mkalasi tili kale ndi fizikisi yathuyathu mmutu yomwe tinaiphunzira pokankha wilibala ndi kupalasa njinga, ndipo imati chinthu kuti chiziyendabe pamafunika kuchikankhabe, chinthu cholemera chimagwa msanga, ndipo chachikulu chikagunda chaching'ono chimamenya ndi force yambiri. Newton akukana zonse zitatu. Lole ikagundana ndi kagalimoto kakang'ono, force yomwe lole ikupereka pa kagalimoto ndi yofanana ndendende ndi yomwe kagalimoto kakupereka pa lole, kusiyana nkwakuti kagalimoto nkopepuka nde acceleration yake ndi yoopsa, nchifukwa chake kamaphwanyika. Za kugwa kwa zinthu, David Scott wa Apollo 15 anakaponya hamala ndi nthenga pa mwezi mu 1971, kopanda mpweya, nkufika pansi limodzi. Mu 1992 David Hestenes ndi anzake anatulutsa mayeso otchedwa Force Concept Inventory, mafunso osankha yankho opanda kuwerengera kulikonse, ongofunsa zinthu ngati zimenezi, ndipo zinaoneka kuti ophunzira ambiri amamaliza kosi yonse maganizo akalewa ali momwemo. Eric Mazur wa ku Harvard atayesa ophunzira ake ndi mafunso a mtunduwu anadabwa kuona kuti anthu okhoza bwino mafunso ovuta a mafomula akulephera mafunso ooneka opepuka, mpaka anasintha kaphunzitsidwe kake nkuyamba kumawasiya ophunzira azitsutsana okhaokha mkalasi. Zikuonetsa kuti masamu ambiri sachiza matenda awa. Chochiza ndi kujambula free-body diagram, chithunzi cha chinthucho chokhala ndi mivi yoonetsa ma force onse omwe ali pa icho, pa funso lililonse olo looneka lachibwana, ndipo pa muvi uliwonse womwe mwajambula muzidzifunsa kuti kodi force imeneyi akuipereka ndani, mukasowa woipereka fufutani muviwo. Komanso kukangana ndi anzanu pa discussion, osati kumangokopera yankho la uja wanzeru.

Tsopano malire aja. Mafomula a u, v, a, s, t amagwira pokhapokha acceleration isakusintha, ndipo dziko lenileni silimvera zimenezo kawirikawiri. Tengani dontho la mvula lochokera mumtambo wa pamtunda wa mamita 2000. Fomula ikuti lifika pansi pa mamita pafupifupi 198 pa sekondi, kupitirira 700 km/h, bwenzi dzinja lililonse malata akubooka. Koma madontho akuluakulu amafika pa mamita ngati 9 pa sekondi basi, chifukwa mpweya umakaniza, ndipo kukanizako kumakula liwiro likamakula. Apa force ikudalira liwiro, liwiro likudalira force, zikuzungulirana. Algebra ikhoza kukuuzani liwiro lomaliza, pomwe kukaniza kwa mpweya kwafanana ndi kulemera, koma mmene liwirolo likukwerera sekondi ndi sekondi mpaka kukafika pamenepo ndi nkhani ya differential equation, equation yomwe mkati mwake muli derivative. Pendulum chimodzimodzi, buku la algebra likupatsani T = 2π√(L/g), pomwe T ndi nthawi yopita ndi kubwera ndipo L ndi utali wa chingwe, ndipo mutha kuiyesa ndi chingwe cha mita imodzi ndi mwala, mupeza masekondi pafupifupi 2 kupita ndi kubwera, koma fomulayi ndi yoona pokhapokha pendulum isakupita patali mmbali, ndipo komwe yachokera amangokuuzani modutsa. Kutha kwa radioactivity, monga carbon-14 yomwe theka lake limatha pa zaka pafupifupi 5730, ndi kutha kwa chaji mu capacitor, zonsezi mumapatsidwa fomula ya exponential nkuuzidwa kuti ingokhulupirirani.

Komwe kusowa kwa calculus kumawawa kwenikweni ndi ku magetsi ndi maginito. Malamulo a Gauss, Ampère ndi Faraday mu kosi ya algebra mumangowaona pa zinthu zosavuta, waya wowongoka, mpira, koyilo. Anthu amakonda kutchula Michael Faraday, amene sanapite patali ndi masamu koma anatulukira mu 1831 kuti maginito oyenda amabala magetsi mu waya, mfundo yomwe ikuzungulitsa majenereta a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira mpaka lero. Ndi zoona, ndipo zimalimbitsa mtima. Koma nkhaniyo ili ndi mbali yachiwiri, panafunika James Clerk Maxwell kuti aike maganizo a Faraday mu calculus m'zaka za m'ma 1860, ndipo ma equation akewo ndi amene anaonetsa kuti kuwala ndi funde la magetsi ndi maginito, zomwe zinadzatsegula njira ya wailesi. Nde amene mukufuna engineering ku MUBAS kapena MUST, kapena fizikisi yeniyeni ku Chanco kapena Mzuni, musadzinamize, calculus simuithawa, ikudikirani kutsogoloku.

Pali njira ina yapakati yomwe ine ndimaikonda ndipo sindiona anthu ambiri akuigwiritsa ntchito, Excel kapena spreadsheet iliyonse olo ya pafoni. Nkhani ya dontho ija, dulani nthawi mu tizidutswa ta masekondi 0.01. Pa kachidutswa kamodzi liwiro silisintha kwambiri, nde werengerani force ndi liwiro lomwe lilipo, pezani acceleration, onjezerani pa liwiro, pitani mzere wotsatira. Kokerani fomula mmunsi mizere mazana angapo nkujambula gilafu, muona liwiro likukwera msanga kenako nkuyamba kugona mpaka kukhazikika. Njirayi ili ndi dzina la Leonhard Euler, ndipo makompyuta olosera zanyengo amachita zofanana ndi zomwezi kungoti mwaukadaulo wapamwamba. Mukatero ndiye kuti mwathetsa differential equation ndi kuphatikiza ndi kuchulukitsa kokha. Kwa ofuna kuona zinthu zikuyenda, webusaiti ya PhET yoyeserera za sayansi pa kompyuta, ya ku University of Colorado Boulder, yomwe anayambitsa Carl Wieman mu 2002, ndi yaulere ndipo zambiri mutha kupanga download pomwe pali Wi-Fi nkumazitsegula opanda bandulo.

Ngati kosi yanu ndi ija lekichala amalemba dx/dt pabolodi apo ndi apo koma mayeso ake ndi a algebra, calculus yomwe mukufunika ndi yochepa kwambiri, yoti mutha kuiphunzira pa holide. Muzidziwa kuti dx/dt ikutanthauza gradient ya gilafu ya x ndi t, kuti chizindikiro chotalika ngati S chija chikutanthauza area, kuti derivative ya t² ndi 2t ndipo ya t³ ndi 3t², kuti derivative ya sin ndi cos ndipo ya cos ndi negative sin, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani ya pendulum ndi mafunde, komanso kuti exponential ndi chinthu chomwe kusintha kwake kumalingana ndi kukula kwake komwe. Nthawi yotsalayo ithereni pa algebra, ma triangle ndi mafunso a kumapeto kwa chaputala, buku lotseka, yankho muzilionera mutayesa kaye nokha, ndipo past paper ya lekichala wanuyo muipeze sabata zoyambirira zomwe kuti mudziwe ngati dx/dt ija imabweradi pamayeso kapena imathera pabolodi.